A Latifu ndi Gogodela ya Baba Jasimu

Achimwene athu a Latifu Amidu anatisiya chaka chatha, nyengo yotentha ija imene ngakhale mbalame za ku Doha zimayenda kukamwa kuli yasa. Unali mtima. Anthu amene anabwera kudzapepesa ananena zabwino zambiri. Ena ankati anali dalaivala wodekha, sanagundepo ngakhale mphaka. Ena ankati anali munthu wa swala, wosajomba ku mzikiti. Zonsezo nzoona. Koma nkhani ya mfuti palibe anaitchula, poti oidziwa ndi ochepa, ndiye ikapanda kulembedwa ipita nawo kumanda.

A Latifu anabadwira ku Namwera, munsi mwa mapiri a Namizimu, oyamba kubadwa m'mimba mwa mayi athu. Bambo athu Che Amidu anali mlenje. Anali ndi gogodela yosula pamudzi pomwepo, payipi ya madzi yomangirira pa mtengo wa mlombwa, wonga wake wopanga okha. Mfuti zimenezo sizikhulupirika, ndipo alenje onse akwathu amadziwa. Ndiye powombera saiyandikiza kunkhope ayi. Amaitambasula manja onse awiri kutsogolo, mutu nkukhotetsa kumbali, maso nkutsinzina, ngati mayi amene akuponya nsomba yonyowa m'mafuta otentha. Ana tonse tinkatengera zomwezo posewera ndi mapesi a chimanga. Tinkangodziwa kuti mfuti amagwira choncho basi.

Tsiku lina mmamawa gwape analowa kudimba nkumadya nyemba. Bambo anatenga mfuti, a Latifu ali kamnyamata akutsatira pambuyo ndi thumba. Bambo anatambasula manja monga mwa masiku onse, anakoka, ndipo payipi ija inang'ambika ngati nsungwi. Zala zitatu zinapita. Diso la kumanja linapita. Gwape anathawa wamoyo. A Latifu ndi amene anathamanga kukaitana anthu, malaya ali magazi a bambo awo okhaokha.

Kuyambira pamenepo mantha anawalowa m'mafupa. Chitseko chikamenyetseka, iwo adzidzimuka. Tayala la njinga likaphulika pamsika, iwo ali kale pansi manja kumutu. Anzawo anawapatsa dzina loti Che Phuu, ndipo dzinalo linawatsata mpaka atamera ndevu. Kuonjezera apo anali amanzere, ndiye ku madrasa ndodo sinkawasowa. Anaphunzira kudya ndi kulemba ndi dzanja lamanja, koma chilichonse chofuna mphamvu kapena luso, dzanja lamanzere linkangotulukira lokha.

Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba ukondakitala pa minibasi za Mangochi ndi Namwera, kenaka anaphunzira chiwongolero, nkumayendetsa malole a fodya. Anakwatira alamu athu a Maness, Mulungu nkuwapatsa ana atatu. Zinthu zitathina kumudzi anapeza kontrakiti ya ku Qatar. Poyamba ankayendetsa basi ya antchito a kampani ina yokolopa m'maofesi, kenaka mwayi unawagwera, anapita ku Al Messila kukakhala dalaivala wa panyumba pa mkulu wina dzina lake Baba Jasimu.

Baba anali nkhalamba yaitali, yowonda, ya mkanjo woyera mbee tsiku lililonse. Nzeru zinali zonse, maso akuona bwinobwino, koma manja ankanjenjemera moti khofi ankatayikira m'kakapu asanafike kukamwa. M'majilisi mwawo, chipinda chachikulu cholandirira alendo chija, munali mfuti pakhoma. Inali yaitali yofika munthu pachibwano, yomangidwa mikombero ya siliva, mtengo wake wakuda bii chifukwa cha manja a anthu akalekale. A Latifu akatumidwa kukasiya kanthu m'menemo ankadutsa mokhudza khoma la mbali inayo, maso pansi.

Nkhani yonse inayamba mwezi wa Ramadani. Baba anafuna kupita kumsika wa Suku Wakifu kukaona mzinga umene amaomba dzuwa likamalowa, wodziwitsa anthu kuti amasule swaumu. A Latifu anali asanauonepo. Anaimika galimoto, anawatsitsa Baba, nkuima pambali pawo ndi zipatso za tende m'manja kudikira nthawi. Anthu anali ndithu, ana pamapewa a makolo awo, mafoni m'mwamba. Kenaka, guu! Pansi panagwedezeka. Anthu anakuwa mokondwa. Baba potembenuka anapeza dalaivala wawo, bambo wa ana atatu, atagwada kuseri kwa tayala, tende ali mbwee pamsewu.

Anauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Atafika pa maloboti ena Baba anayankhula ali kumpando wa kumbuyo.

"Latifu, kwanu kunali nkhondo?"

"Ayi Baba, kwathu kulibe nkhondo."

"Nanga chija nchiyani?"

A Latifu anafotokoza, Chizungu chothyokathyoka, Chiarabu chotola m'njira, pena ndi manja. Anafotokoza za dimba, za payipi yong'ambika, za zala zitatu. Baba anamvetsera osadula mawu. Kenaka anakweza manja awo onjenjemera aja kuti aoneke pagalasi.

"Bambo ako mfuti inawadya zala zitatu. Ine ukalamba wandidya manja onse awiri. Mfuti ili pakhoma ija ndi ya agogo anga, ankayenda nayo pangamila. Ana anga akuti ndi yokongoletsera nyumba. Palibe amene akudziwa kuithira wonga, palibe akufuna kudziwa. Iwe uli ndi manja, ine ndili ndi mutu."

"Baba, ine ndine dalaivala chabe."

"Mafi mushikila, palibe vuto. Sindikakamiza munthu."

Ndipo sanaitchulenso. Koma mawu aja anawakhala a Latifu pamtima ngati minga ya nsomba pakhosi. Zaka makumi anayi munthu akungodzidzimuka. Ana awo omwe ankadziwa kuti baluni saphulitsira pafupi ndi adadi. Idi itadutsa, kutentha kutayamba kuchepa, tsiku lina akutsegulira Baba chitseko cha galimoto anangoti, "Baba, ndatopa nawo mantha. Ndiphunzitseni."

Baba anali ndi famu kumpoto, kunja kwa tauni, eni ake amati iziba. Ndi malo aakulu otchingidwa ndi waya, muli mitengo ya tende, ngamila, nkhosa, ndi mbawala za m'chipululu zimene Baba ankaweta okha. Mbawala zake si ngati zakwathu. Nzotuwa ngati mchenga womwewo, miyendo ngati bango, moti ikaima phee sungaione mpaka itagwedeza khutu. Wosamalira ziweto kumeneko anali Nedson, mnyamata wa ku Chipata ku Zambia, wapakamwa ngati wailesi. Ataona a Latifu akutsitsa mfuti m'galimoto itakulungidwa m'bulangeti, akuinyamula ngati mtembo, anaseka mpaka kugwira bondo.

"Awe ba Latifu! Imwe na mfuti? Manje mufuna batidipote tonse?"

"Mapepala ake alipo, amwene. Baba andionetsa."

"Mapepala ya mfuti yalipo, nanga ya mtima wanu yali kuti?"

Tsiku loyamba Baba sanatulutse wonga. Anakhala pamkeka pansi pa mtengo, mfuti pamiyendo, nkuwaonetsa a Latifu kamwala. Kanali kotuwa, kakuthwa ngati botolo losweka, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Mfuti yake sinali ya fataki ngati zakwathu ayi. Pambali pake panali kachitsulo kokhala ngati mutu wa tambala, ndipo tambalayo ankaluma kamwala kaja. Ukakoka ndi chala kunsi, tambala ajompha chitsulo china chili kutsogolo kwake, moto nkuthetheka kugwera m'kambale kakang'ono kothiramo wonga wosalala. Moto wa m'kambalewo ndi umene umalowa pa kabowo nkukayatsa wonga waukulu m'kati.

"Koka," anatero Baba.

A Latifu anakoka. Khwa! Tinyenyezi tinagwa m'kambale mopanda kanthu muja. Iwo anali atatsinzina kale.

"Waona chiyani?"

"Sindinaone Baba."

"Koka kachiwiri. Palibe chingakulume, mulibe kanthu."

Anakoka, anakokanso, mpaka diso limodzi linalimba mtima nkusuzumira. Abale, zimene anaona anabwera kudzatisimbira Lachisanu ku Al Sadd kumene tinkakumana a Malawi, poti nanenso ndinkagwira ntchito ku Doha komweko, akuyankhula ngati munthu amene waona mngelo. Ankati moto umakhala m'mwala. Mwala wozizira, woti ukhoza kuuika m'kamwa, koma m'kati mwake Mulungu anabisamo moto kuyambira tsiku lomwe analenga dziko, ukungodikira chitsulo chidzaugogode. Anzathu ankaseka, amati Che Phuu apenga ndi dzuwa. Iwo osalabada.

Masabata otsatira anaphunzira kuthira. Baba ankangoyankhula, manja anali a Latifu. Wonga suthira mongoganizira ngati mchere, uli ndi kanyanga kake koyezera, ukadzadza kamodzi basi. Chipolopolo ndi cha mtovu, chobulungira ngati nthudza, umachikulunga m'kansalu kodzola mafuta nkuchikankha ndi ndodo mpaka chikakhale pa wonga, osasiya mpata. Kabowo kaja umakatokosa ndi nthenga. Nkhope suiika pamwamba pa kamwa la mfuti ngakhale utalumbira kuti mulibe kanthu. A Latifu pamenepo anamvetsa zimene zinachitika kudimba kuja. Bambo ankathira wonga ndi chikhatho, akaona nyama yaikulu nkuonjezera.

Tsiku lowombera koyamba Nedson anaimika chigubu chakale pa mulu wa mchenga. A Latifu anavala magalasi awo oyendetsera galimoto monga Baba analamulira. Anaima, anapuma, kenaka thupi linachita zimene linaphunzira pa mapesi a chimanga. Manja anatambasuka kutsogolo, mutu unakhota, maso anatsekeka. Duu! Mfuti inalumpha ngati mbuzi, thako lake linawagunda pachifuwa, chipolopolo chinakathothola nthambi ya tende kutali ndi chigubu. Ngamila zinabalalika.

"Mayo ine!" anakuwa Nedson atabisala kuseri kwa thanki. "Ba Latifu, ngamila izi zili na bana! Nanga muithawa bwanji mfuti monga mwakumana na apongozi panjira?"

Baba sanaseke. Anali atatsegula pakamwa.

"Chimenechi nchiyani? Wakuphunzitsa ndani?"

"Kwathu timagwira choncho Baba. Kuti ikaphulika isakudye nkhope."

"Ndiye mumapha bwanji nyama osaiona?"

"Timayandikira pafupi, timathira misomali yambiri yoduladula. Wina umakapeza."

Baba anapukusa mutu nthawi yaitali. Kenaka anawaitana pafupi, nkuwagwiritsa mtengo wa mfuti pamalo pena pamene panali posalala, polowa pang'ono ngati pamwala wonolera mpeni.

"Ukudziwa chinakumba apa? Tsaya la agogo anga, ndi la bambo anga, ndi langa. Mfuti iyi yakhala zaka zoposa zana sinalumepo mwini wake. Koma imafuna tsaya. Ukaimana tsaya, iwenso ikumana nyama."

Kuika tsaya pamtengo wa mfuti yothira wonga, kwa mwana wa Che Amidu, kunali ngati kuika mutu m'kamwa mwa ng'ona. Koma anaika. Anaika paphewa lamanja monga Baba anawauzira, ndipo zipolopolo zinkangopita kumene zafuna. Diso lamanja silinkagwirizana ndi mfuti. Baba anayang'anitsitsa masiku angapo, mpaka tsiku lina anaona a Latifu akumanga waya wa mpanda ndi pulayazi.

"Iwe, ndiwe wamanzere?"

A Latifu anachita manyazi, anabisa dzanja kumbuyo ngati ali ku madrasa.

"Sindikufunsa za kudya. Ika paphewa linalo."

Ataika kumanzere, zonse zinangokhala m'malo mwake, diso, mfuti ndi chigubu pa mzere umodzi. Koma panali vuto. Mfutiyo anaisulira anthu a dzanja lamanja, kambale kali mbali ya kumanja. Ukaigwira chamanzere, kambale kaja kamakhala mbali imene kuli nkhope yako, patsogolo pa mphuno penipeni.

"Waona?" anatero Baba. "Kumanja moto uli kutali koma suona. Kumanzere uona koma moto uli pamphuno. Sankha wekha, ine sindikusankhira."

A Latifu anayang'ana kambale kaja. Kenaka anati, "Kumanzere Baba."

Nyengo yonse yozizira imeneyo, Baba akati tiye ku iziba, ntchito inali imodzi. Ankathira wonga m'kambale mokha, m'kati mopanda kanthu. Nedson ankaika njere ya tende pamwamba pa mpope wa mfuti, nkuima pambali kuyang'ana maso a Latifu. Khwa, fuu! Moto lawi patsogolo pa mphuno, utsi wonunkha ngati mazira owola. Njere ikagwa ndiye kuti munthu wadzidzimuka.

"Yagwa! Mwatsinzina futi, mudala!"

"Sindinatsinzine, ndaphethira chabe."

"Kuphethira kwa bwanji kofika na kumapewa?"

"Shuweya shuweya, pang'onopang'ono," ankatero Baba ali pamkeka. "Bwerezani."

Njere zinagwa zambiri moti Nedson ankati pamalopo padzamera munda wa tende ndipo adzautcha dzina la a Latifu. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Inafika nthawi yoti njere inkakhala, pena nkugwa, pena nkukhalanso. Atayambiranso kuthira chipolopolo, chigubu chinayamba kubooka. Koma kunena zoona, maso aja anali asanagonje kwenikweni. Mwa kuwombera kutatu, kumodzi ankatsinzinabe, ndipo iwo eni ankadziwa.

Ndiye kunachitika kuti mbawala ina yamphongo, yokalamba, inayamba nkhanza. Inabaya tiana tiwiri ndi nyanga, kamodzi nkufa. Baba anati iyenera kuchoka. Mwana wawo wamkulu anati abwera ndi mfuti yake yamakono ya galasi pamwamba, ntchito ya kanthawi kochepa. Baba anati ayi, adikire kaye. Anawaitana a Latifu m'majilisi.

"Mbawala ija ndakupatsa iwe. Koma mva bwino. Mfuti iyi imayankhula kamodzi, ukafuna kuthiranso nyama ili kutali. Ukatsinzina uiphwanya mwendo kapena mimba, ithawa ndi bala, ivutika dzuwa lonse, ndipo tchimo limenelo tigawana ine ndi iwe pamaso pa Allah. Zikatero mfuti ibwerera pakhoma, sidzatsikanso, ndipo ine sindidzakuvutitsanso. Ngati sunakonzeke nena, palibe manyazi."

A Latifu anadziwa kuti akati sanakonzeke, sadzakonzekanso mpaka imfa. Anati, "Inshaala, Baba."

Anafika ku iziba ataswali swala ya mmamawa, kunja kutayera. Kunali nkhungu yochokera kunyanja, yokhuthala, yonyowetsa malaya ngati mame a ku Namizimu. Baba ananunkhiza mpweya nkukwinya nkhope.

"Chinyezi ichi wonga sagwirizana nacho. Bisa kambale m'khwapa mpaka nthawi yake."

Anakhala kuseri kwa kakhoma ka miyala pafupi ndi pomwera ziweto, Baba pamkeka atafunda chikhoti, a Latifu atagwada bondo limodzi. Nedson anatsala kugalimoto, poti pakamwa pake pakanathamangitsa nyama zonse. Anadikira. Dziko lonse linali loyera, kumwamba ndi pansi osasiyana, phokoso lililonse litafa. A Latifu ankati sanamvepo bata lotero chibadwire, moti ankamva mtima wa Baba ndi wawo ukugunda mosiyana.

Kenaka nkhungu ija inayamba kubala mbawala. Sizinabwere kuchokera kwinakwake ayi, zinkangooneka pomwepo, poyamba nyanga, kenaka maso akuda aja, kenaka thupi, ngati wina akuzijambula ndi chala pagalasi la nthunzi. Zinkaponda mchenga osamveka. Zazikazi zinadutsa ndi ana awo. Pambuyo penipeni panabwera yamphongo ija, khosi lonenepa, nyanga zopindika ngati zilembo za m'Kurani. Inaima chammbali, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi. A Latifu anaiwala kuti abwera kudzapha. Ankangoti m'mtima, Subuhanallah, chinthu chokongola chotere chikukhala m'dziko lopanda udzu.

Chala chonjenjemera cha Baba chinawagwira pamsana.

Anatulutsa mfuti m'khwapa. Anaika paphewa lamanzere. Tsaya linapeza malo osalala aja, ozizira. Analoza kuseri kwa mwendo wakutsogolo monga anaphunzitsidwira.

"Bisimillah."

Khwa!

Moto unayaka m'kambale, koma mfuti sinalire. Wonga unali utamwa chinyezi. M'malo moti fuu kamodzi, unayamba kulira tsiii, ngati nyama pamakala, ukulavula timoto. Kamphepo kanali kochokera kutsogolo, ndiye timoto tonse tinkabwera kunkhope. Tinawatentha pansi pa magalasi, patsaya, pamlomo. Thupi lonse linakuwa kuti taya, taya, thawa! Manja anafuna kutambasuka. Khosi linafuna kukhota. Anamva fungo lomwe lija la kudimba.

Sanataye. Mpaka tsiku lomwalira sankadziwa kuti mphamvuyo inachokera kuti. Ankati mwina chinali chisoni, poti anadziwa kuti akangogwedezeka pang'ono, mfuti ikalira mochedwa, chipolopolo chikalowa m'mimba mwa nyama yosalakwa kanthu koma ukalamba. Tsaya linakanirira pamtengo. Maso anakhala chitsegukire, misozi ikutuluka ndi utsi. Kupyola m'moto muja ankaiona mbawala itadzutsa mutu, makutu ali njo, ikuponya mwendo umodzi kutsogolo. Iwo anaitsatira ndi mfuti pang'onopang'ono ngati akukhotetsa galimoto muli Baba akumwa khofi.

Duuu!

Ndipo anaona. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anaona chinthu chimene chinkawathamangitsa zaka zonse zija. Lawi lalitali ngati mkono linatuluka kukamwa kwa mfuti, lofiira m'mphepete, loyera pakati, nkhungu nkung'ambika pakati ngati nsalu. Utsi unatsatira, woyera kuposa nkhungu. Pansi pa utsiwo anaona mbawala ikupinda maondo akutsogolo, nkugona chammbali pomwe inaimapo, osathamanga ngakhale phazi limodzi. Zinzake zinazimirira ngati sizinakhaleko.

"Yala, fulumira, tenga mpeni! Thamanga!" anakuwa Baba.

Anathamanga nkukaizinga mwa chisilamu isanazizire. Chipolopolo chinali chitalowa pamalo pomwe analoza. Atamaliza anakhala pansi pamchenga, dzanja pakhosi pa nyama ija.

Baba anafika akudzikoka ndi ndodo. Sanayang'ane nyama. Anawagwira a Latifu chibwano, nkuwatembenuzira kowala.

"Inachedwa," anatero.

"Inachedwa Baba."

"Ine inandichitapo choncho ndili mnyamata. Ndinaitaya pansi, bambo anga anandimenya ndi chingwe cha ngamila." Anawasiya chibwano chija. "Mashaala. Mashaala, mwana wanga."

Nedson anafika akuthamanga, wefuwefu. Anayang'ana mbawala, anayang'ana a Latifu.

"Ba Latifu! Ni imwe zoona? Koma nkhope yanu, mudala, monga bakuwazani tsabola!"

Patsaya, pansi pa pamene panathera magalasi, panali timadontho takuda ta wonga titalowa m'khungu. Nedson anati apite ku kiliniki akatichotse. Iwo anakana. Atapita kutchuthi ku Namwera alamu athu a Maness anawayang'ana nkufunsa kuti, "Kodi bambo a Anwari, ku Qatar kulinso asing'anga otema mphini?" Timadonthoto sitinachoke, tinalipo ndithu mpaka tsiku limene tinawasambitsa komaliza.

Masana a tsiku limenelo nyama inaphikidwa ndi mpunga m'mbale yaikulu, antchito onse a pa iziba anaitanidwa. A Latifu sanadye. Baba anadabwa, poti kwa iwo kukana chakudya ndi nkhani yaikulu. A Latifu anafotokoza kuti kubanja kwathu nyama yoyamba mlenje sadya, amapatsa amene anamuphunzitsa. Baba anagwedeza mutu, anati mwambo umenewo ndi wolemera, nkutenga nthuli ndi dzanja lawo lonjenjemera. Nedson anati iye ndi amene ankaika njere, ndiye nayenso ndi mphunzitsi, gawo la a Latifu adya ndi iyeyo.

Anthu akudya, a Latifu anapita kuseri kwa khola la ngamila kumene netiweki imagwira, nkuimba kumudzi. A Maness anathamanga ndi foni kukapatsa Che Amidu, amene nthawi imeneyo anali akadali moyo, atakalamba, akungokhala pakhonde. Iwonso kwathu tinkawaitana kuti Baba.

"Baba, ndine Latifu. Ndapha mbawala."

"Wagunda ndi galimoto?"

"Ayi Baba. Ndi gogodela."



"Iwe Latifu? Gogodela?"

"Eya Baba. Ya mwala, ya makolo a bwana wanga."

"Zala zonse zilipo?"

"Zilipo zonse."

"Unaitambasula bwino? Mutu unakhotetsa?"

"Ayi Baba. Kuno amaika tsaya pamtengo. Umayang'ana mpaka ilire."

"Tsaya? Pamtengo pa mfuti? Maso ali chitsegukire?"

"Eya."

Mkulu uja anapuma mwamphamvu mpaka foni inachita phokoso. Munthu amene anadyetsa mudzi wonse nyama zaka zambirimbiri, amene anapha agwape ndi nguluwe zosawerengeka, anatsitsa mawu ngati mwana wofunsa za ku Joni.

"Ndiye tandiuza mwana wanga. Ikamalira pamaoneka bwanji? Ine zaka zonse zija sindinaonepo."

A Latifu anakhala pa ndowa yovundikira, nkuyamba kuwafotokozera za lawi lalitali ngati mkono, kufiira kwa m'mphepete, kuyera kwa pakati, nkhungu kung'ambika, ndi mbawala kupinda maondo. Atamaliza, bambo anati, "Tayambiranso. Usafulumire."